Chotchinga cha Masaka pa Chigayo cha Che Bwanali

Mpunga unkakhuthukira pansi. Thumba linali litadzaza kale, chigayo chikulavulabe, koma wogwira thumbalo panalibe. Ndinalikankha ndi bondo n'kulowetsa lina. Mpunga woyera, wokonola kale, unali mbwee pa simenti, anyamata onyamula matumba akuuponda.

Che Bwanali, mwini chigayo, anatuluka mu ofesi kapu ya tiyi ili m'manja.

"Zimitsani injini."

Yotamu, mmodzi wa onyamula, anazimitsa. Kunangoti zii.

"Mayi wa pathumba uja ali kuti?"

Tinamupeza kuseri kwa shedi, pafupi ndi mulu wa mankhusu. Anali atagwada, nkhope kukhoma, chitenje kumutu. Dzina lake Tumpale.

"Mwadwala, mayi?" anafunsa Che Bwanali.

"Ayi, bwana."

"Mwalumidwa ndi chinthu?"

"Ayi, bwana."

"Nanga mpunga wanga mwausiyira ndani?"



Che Bwanali anatembenukira kwa ine. "A Kapitawo, aka si koyamba. Lachisanu ndikamabwera kuchokera ku mzikiti ndisadzamupeze pano."

Linali Lachiwiri.

Ana inu, adzukulu anga, ndikulemba izi chifukwa cha mmodzi wa inu, Gwamaka. Wandiimbira foni kuti amukweza pa ofesi yawo ya ku Songwe, ija yothandiza amalonda kuolotsa katundu. Akuti tsopano ali ndi anthu pansi pake, ena aakulu kuposa iye, ndipo sakugona. Akufunsa kuti anthu amawayendetsa bwanji. Pa foni sindidziwa kulankhula. Ndimangomva mphepo. Ndiye ndalemba, ndipo nonse muwerenge, chifukwa tsiku lina aliyense wa inu adzakhala pansi pa munthu kapena pamwamba pa munthu. Ndalemba m'Chichewa popeza Chitumbuka chanu n'chogulira tomato basi, ndipo Chinkhonde cha agogo anu aakazi mumangodziwa chothokozera chakudya.

Sukulu sindinapite nayo patali. Za m'mabuku a utsogoleri mufunse ena. Ine ndikuuzani za Tumpale.

Koma ndiyambe ndanena kumene ndinachokera. Ndinabadwira ku Sangilo. Ntchito yanga yoyamba inali yopalasa bwato la munthu wina amene ankatukwana kuyambira pokankha bwato mpaka pokocheza. Tinkamuopa. Akayang'ana, nkhafi zinkathamanga. Akayang'ana kumbali, tinkapuma. Iye ankayesa kuti ali ndi anyamata olimba, koma anali ndi anyamata odziwa kumene maso ake ali. Nditachoka kumeneko ndinagwira ya msewu, ya fosholo ndi wilibala. Kenako ndinayendetsa ngolo ya ng'ombe, kututa mpunga m'madambo a ku Iponga. Ng'ombe zinandiphunzitsa zambiri kuposa anthu. Ikaima pa njira imene imadutsa masiku onse, usathamangire chikwapu. Tsika, uone pansi. Pali chimene yaona.

Inu mumakwera njinga zamoto, kuchoka pa boma kufika ku Songwe tiyi asanazizire. Ife tinkanyamuka ndi nthochi zowiritsa m'kansalu, matayala a ngolo akulira njira yonse, mvula ikagwa n'kutitimira mpaka m'mawondo. Sindikunena kuti zinali zabwino. Zinali zochedwa basi. Munthu unkapeza nthawi yoganiza usanafike kokalankhula.

Che Bwanali anandipeza pa ngolopo. Anali Myao wa ku Mangochi, wabwera kuno ndi sikelo ya mbedza ndi matumba opanda kanthu, kumagula mpunga m'midzi. Atamanga chigayo m'mbali mwa msewu wopita ku Songwe anandiitana. Ndinayamba ndi kunyamula. Patapita zaka anandipatsa ukapitawo. Sanali munthu woipa. Malipiro sankachedwetsa, maliro akagwa ankapereka thumba. Koma chinthu akachinena pa gulu, kuchibweza kunkamuvuta ngati kumeza fupa. Mabwana ambiri ali choncho. Iwenso Gwamaka udzakhala choncho ukapanda kusamala. N'chifukwa chake mawu olemera usamawanene anthu ali mbwee. Umadzitsekera wekha khomo.

Tumpale anali atagwira nafe nyengo zingapo. Ntchito yake inali kulandira mpunga potulukira, kusintha matumba, ndi kusoka kukamwa kwake ndi singano yaikulu. Msoko wake sunkaphulika ngakhale thumba ligwe pa lole. Sankachedwa, sankacheza. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii, kumusiyira ana. Ntchito imeneyi ndiyo inkawadyetsa. Munthu wotere sangoyamba kuthawa thumba popanda chifukwa.

Lachitatu ndinafika m'mawa monga mwa masiku onse, ena asanafike. Apa ndipatuke pang'ono. Kapitawo azifika woyamba, ndipo thumba loyamba azinyamula yekha. Loyamba lokha. Ukanyamula onse ndiwe wonyamula, sukuonanso chimene chikuchitika. Ukapanda kunyamula ngakhale limodzi, mawu ako amapepuka.

Tsiku limenelo sindinamufunse kanthu Tumpale. Ndinatenga lamba wakale wa injini, ndinakhala pakona ngati ndikumusoka. Maso anali kwina.

Pafupi ndi potulukira mpunga panali sikelo. Che Bwanali ankafuna ikhale pamenepo kuti aziiona ali pakhomo la ofesi. Pa sikelopo chaka chimenecho anaikapo mkulu wina, a Mwakalinga, amene anadziwana naye kale pogula mpunga m'midzi. Anali munthu waulemu wake, wa jekete ngakhale kutenthe, ng'ombe zake zitatha ndi matenda. Pakati pa mpando wawo ndi Tumpale pankakhala mulu wa matumba odzaza. Mulu ukakhala wautali, ntchito inkayenda. Lole ikabwera n'kupakira, mulu n'kutsika, Tumpale ankayamba kugwira chammbali, nkhope kukhoma. A Mwakalinga akangodzuka kuti akaone thumba, iye ankasiya zonse n'kutulukira khomo lakumbuyo.

Ndinaziona kangapo tsiku limenelo. Maganizo anga oyamba anali oipa. Ndinati mkuluyu wamuchita chipongwe mayiyu. Ndikanapita nawo maganizo amenewo kwa Che Bwanali, bwenzi nditaipitsa dzina la munthu wosalakwa. Chimene waona ndi maso n'choona, koma tanthauzo lake umaliika ndiwe. Uzidikira.

Madzulo ndinafotokozera agogo anu aakazi, akusenda nthochi zophikira mbalaga, chakudya cha kwawo. Iwo ndi a ku Iponga, amadziwa nyumba iliyonse. Anaika mpeni pansi.

"Mwati mkuluyo ndani?"

"A Mwakalinga."

"Ndipo mwawaika shedi imodzi ndi Tumpale?"

"Anawaika ndi bwana."

"Inu muli pomwepo?"

"Ndili pomwepo."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Zaka zonsezi mukudya mbalaga yanga, simunaphunzire kanthu. Tumpale ndi mkamwana wawo. Uja wa ku Joni ndi mwana wawo, wa kwa mkazi wamng'ono."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Kwathu mkazi saonana nkhope ndi bambo wa mwamuna wake. Sakhala nawo pamodzi, sawadutsa pafupi, dzina lawo salitchula. Akakumana nawo pa njira amalowa patchire."

"Kwathu ku Sangilo ulemu ulipo, koma sufika pamenepo. Iwe bwanji sunathawepo bambo anga?"

"Anamwalira musanandifunsire. Unali mwayi wanu. Bwenzi mukudya mochedwa masiku onse."

Mwambowo ndinkaumva, koma sindinauganizire pa chigayo. Ndinkayesa kuti zoterezi zimatsala kumudzi munthu akamabwera ku ntchito. Sizitsala. Munthu amabwera ku ntchito ndi zonse zimene ali nazo, apongozi ake, tchalitchi chake, mwana amene wadwala. Iwe umalemba manja awiri, koma amabwera munthu yense.

Masiku ano zinatha mphamvu. Akazi a ana anga amakhala nane pa sofa imodzi n'kundilanda rimoti. Sindikudandaula. Ndikungonena kuti nthawi imeneyo Tumpale akanalola kuchotsedwa ntchito kusiyana n'kuima maso ndi maso ndi mkulu uja, ndipo akanachoka osanena chifukwa, popeza kunena kunali kuwatchula.

Lachinayi ndinadikira Che Bwanali adye. Bwana wanjala usamupititsire nkhani. Ndiponso usamupititsire vuto lokha, ali nawo kale ambiri. Upite ndi vuto ndi njira yake, iye angosankha. Ndinalowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Ndinafotokoza mwachidule. Anamvetsera akutokosa m'mano.

"Apongozi ngakhale kwathu timawaopa, achimwene," anatero. "Koma sititaya mpunga."

"Sadzatayanso."

"Ndiye achoke mmodzi. Mkuluyo ndinamulonjeza ndekha, sindingamubweze. Achoke mayiyo. Akazi osoka matumba ali mbwee pamsewupa."

"Osoka ngati iye palibe."

"Mwambo sugula dizilo, a Kapitawo."

Kenako ndinati, "Lachisanu masana injini imazima. Malole amadikira panja. Palibe anafunsapo chifukwa."

Anasiya kutokosa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukufanizira Mulungu ndi apongozi?"

"Ayi. Ndikufanizira injini yozima ndi injini yozima."

Ndinaona kuti ndafika m'malire. Mawu otere umanena kamodzi, chitseko chili chotseka, ndipo ukatero umakhala chete. Ukawonjezera, wataya.

"Mukufuna kutani?" anafunsa.

"A Mwakalinga atuluke mu shedi, akayang'anire pabwalo loyanikira. Pa sikelo pakhale Yotamu, manambala amawadziwa. Pakhomo ndiike chotchinga kuti wa pathumba asaone pabwalo, wa pabwalo asaone pathumba."

"Ndalama zake?"

"Masaka akale ndi nsungwi. Palibe ndalama."

"Nanga mawu anga aja? Anthu onse anamva."

"Mudzanena kuti mwamupatsa mpata womaliza. Bwana amaloledwa kuchita chifundo."

Anapukusa mutu. "Mpaka kukolola kuthe. Akangothawanso ntchito, kaya chifukwa cha apongozi kaya cha njoka, achoka. Ndipo inu mudzamuperekeza, osabwereranso."

"Ndamva."

Tsopano pa mbedza tinalipo awiri, ine ndi Tumpale.

Chovuta chinali a Mwakalinga. Sikelo ndi mpando waulemu. Alimi amakupatsa moni ndi manja awiri. Kumuchotsa munthu wamkulu pamenepo n'kumuika pa dzuwa si nkhani yonenera pa ntchito, anyamata akumva. Ndinapita kwawo dzuwa litapendeka, ndinakhala pa mpando umene anandipatsa, ndinapereka moni wa Chinkhonde mpaka kumapeto kwake, wa ana, wa ng'ombe zimene kulibe, wa matenda. Inu mumati moni wotere ndi kutaya nthawi. Gwamaka, phunzira moni wa munthu aliyense amene ali pansi pako, m'chilankhulo cha kwawo. Ngakhale ulakwitse. Akaseka, mwayamba kale kumvana.

Anabweretsa chambiko. Tinamwa. Kenako ndinanena chimene ndinadzera.

Mkuluyo anayang'ana pansi. "Ndimadziwa," anatero. "Ndisanadzuke pa sikelo ndimatsokomola kuti mwanayo amve, apatuke bwinobwino. Koma injini yanu imameza chifuwa changa."

"Bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Munthu wamkulu angakambe za mkamwana wake kwa alendo? Ndiponso ndikanena, wina achoka. Ana amene akudyetsawo ndi adzukulu anga. Ine ndikachoka, agogo awo aakazi m'nyumbamu adya chiyani?"

Ndinawauza za pabwalo. Nkhope inasintha.

"Mukundichotsa pa mpando kuti ndizikathamangitsa nkhuku."

"Nkhuku muzithamangitsa, inde. Koma kuyambira mawa mpunga sulowa m'chigayo musanaulume inu. Mukati sunaume, ubwerera pa dzuwa, kaya ndi wa ndani."

"Ngakhale wa bwana?"

"Ngakhale wa bwana. Mano alipo?"

"Am'mbali alipo."

"Akwana."

Anaganiza. "Ndi kiyi wa pachipata," anatero.

"Ndi kiyi wa pachipata."

Kiyiyo sanali m'maganizo anga, koma ndinapereka. Ukamulanda munthu chinthu, usamusiye manja ali lende. Muikire china, ndipo chikhale chenicheni. Anthu si ana, amadziwa udindo wabodza.

Kwa Tumpale sindinapite ndekha. Ndinatuma agogo anu. Nkhani zina kapitawo wamwamuna sazikwanitsa, ndipo palibe manyazi kutuma woidziwa njira. Anabwera ndi yankho lalifupi, lakuti wamva.

Lachisanu m'mawa ndinazika nsungwi, ndinasoka masaka akale, chotchinga chinaima kuyambira pakhomo la shedi mpaka pa ngodya. Sichinali chokongola. Che Bwanali pochokera ku mzikiti anachiyang'ana, anayang'ana Tumpale ali pathumba pake, ananena mokweza kuti wamupatsa mpata womaliza chifukwa iye ndi munthu wachifundo, n'kulowa mu ofesi.

Yotamu ndiye anayamba. Anali mnyamata wamphamvu, wa pakamwa posatseka.

"A Kapitawo, chipinda cha mkwatibwi chatha? Tibweretse mphatso liti?"

Anzake anaseka. Tumpale anaweramira thumba. Nthawi yopuma ndinamuitana Yotamu kuseri, tili awiri.

"Sikelo ukuifuna?"

"Eya, dada."

"Pa sikelo pamakhala munthu amene alimi samuona mano. Ukasekanso za chotchinga, ubwerera ku matumba, ndipo ndidzauza anzako chifukwa chake."

"Ndimangocheza, dada."

"Ucheze za mpira."

Sanabwerezenso, ndipo iye atasiya, onse anasiya. Pagulu lililonse pali mmodzi amene ena amayang'ana asanaseke. Umupeze ameneyo. Usalimbane ndi gulu lonse.

Nyengo yokolola inafika pachimake. Inu simudziwa m'mene pankakhalira. Ngolo zinkandandalika kuyambira pachipata mpaka kumsewu, ng'ombe zikugona m'magoli. Amayi ankabwera ndi mitolo pamutu, ena pa njinga zakapalasa. Fumbi la mankhusu linkalowa m'makutu, m'tsitsi, m'malaya, usiku thupi lonse kuyabwa. Kale mpunga tinkasinja mu mtondo, amayi awiri kulandizana minsi, wokwana kudya tsiku limenelo basi. Unkanunkhira kuposa wa m'chigayo. Tsopano zigayo ndi zamagetsi, mumangodina. Magetsi akazima nonse mumakhala pansi n'kutulutsa mafoni. Ife injini ikafa tinkaimasula.

A Mwakalinga anautenga udindo wawo mopitirira. Ankayenda pakati pa malona oyanikapo mpunga, jekete lili pathupi, kiyi ali pakhosi, kutola kambewu, kuluma, kulavula. Akati "bwezani pa dzuwa," ankanena ngati woweruza. Alimi anadandaula. Tsiku lina anabweza mpunga wa mlimi wina umene ine ndinaona kuti unali wouma bwino. Mlimiyo anabwera kwa ine akufuula. Ndinati, "Mkuluyo wanena. Yanikani." Madzulo ndinawatengera pambali a Mwakalinga ndi kambewu ka mpunga womwewo.

"Lumaninso."

Analuma. Analavula. "Dzino la mbali iyi layamba kugwedera," anatero.

"Muzilumira mbali inayo."

Ukamupatsa munthu mphamvu, usamulande pamaso pa anthu, ngakhale walakwitsa pang'ono. Mlimi uja anataya theka la tsiku. Ndikanamugonjetsa mkuluyo pagulu, mawa lake aliyense akanabwera kwa ine, ndipo kuluma kwawo kukanakhala sewero.

Tumpale sanatayenso mpunga. Ankalowera khomo lakumbuyo, kutulukira lomwelo. Madzi akumwa ndinawaika migolo iwiri, wina mkati, wina pabwalo. Anthu awiriwa ankagwira ntchito malo amodzi tsiku lonse ngati mmodzi ali ku Songwe wina ku Sangilo. Che Bwanali sananenepo kanthu. Bwana akakhala chete, ndiye kuti zili bwino. Usadikire kuti akuyamike. Ena mwa inu mumafuna kuuzidwa tsiku lililonse kuti mwachita bwino, ngati mwana amene wayamba kuyenda.

Kukolola kuli pafupi kutha, kunabwera wogula wamkulu wochokera ku Lilongwe ndi lole yake. Che Bwanali anafuna kumuonetsa kuti katundu alipo. Analamula kuti mpunga wonse wotsala uyanikidwe tsiku limodzi. Malona anadzaza bwalo lonse mpaka kumpanda. Theka la anyamata linali litapita ndi thirakitala kukatenga wina ku Iponga. Tinatsala ochepa.

Kuno kumpoto mvula simalizira pamodzi ndi ya kwina. Imabwerera anthu ataiwala. Masana amenewo mtambo unatsika kuchokera ku mapiri a kutsidya kwa Songwe, mphepo inatembenuka, a Mwakalinga anayamba kumenya chitsulo chochenjezera anthu cha pachipata. Mpunga wouma ukanyowa, pokonola umasweka, wogula saufuna.

Che Bwanali anatuluka akuthamanga, mlendo wake ali pambuyo.

"Zimitsani injini. Aliyense pabwalo. Aliyense."

Tinathamanga. Lona lodzaza mpunga limafuna anthu awiri, wina ngodya iyi, wina iyo, kulipinda n'kulikokera mu shedi. Ine ndinagwira ndi Yotamu. Che Bwanali anavula nsapato n'kugwira ndi dalaivala wa lole. Ena awiriawiri. Madontho anayamba, akuluakulu. A Mwakalinga anatsala okha ndi lona la kumpanda, lalikulu kuposa onse, akulikoka ngodya imodzi, osasuntha.

"Mayi uja ali kuti?" anafuula Che Bwanali. "Ndati aliyense."

Ndinayang'ana ku chotchinga. Injini inali itazima, Tumpale anamva. Akakhala mkati, wathawa ntchito pamaso pa bwana ndi mlendo, ndipo ine ndi iye tinyamuka. Akatuluka, munthu yekhayo wopanda mnzake ndi apongozi ake. Sindikanamuitana. Sindikanamuletsa. Pali nthawi imene kapitawo wachita zonse zimene akanatha, chotsala n'cha munthuyo.

A Mwakalinga anatsokomola. Kawiri, mokweza. Kenako anatembenuka, nkhope kumsewu, msana ku shedi, n'kugwira ngodya ya lona chakumbuyo.

Chotchinga chinagwedezeka. Tumpale anatuluka chafutambuyo, saka lili kumutu mpaka m'mapewa. Anayenda choncho bwalo lonse, akupapasa ndi chidendene, mvula ikumumenya. Atafika pa lona anawerama, anapeza ngodya ndi dzanja, anagwira.

Anayamba kukoka. Wina wayang'ana kumsewu, wina wafulatira, saka lili kumaso, lona lili pakati, palibe akuona kumene akupita. Analunjika pa mgolo wa madzi.

"Kumanzere, adada," anatero Yotamu. Sanaseke. "Kumanzerebe. Mama, inu imani pang'ono. Tsopano nonse. Bwerani, bwerani."

Anawatsogolera ndi mawu ngati akulowetsa lole pachipata. Lona linalowa mu shedi. Tumpale analisiya n'kulowa kuseri kwa chotchinga. A Mwakalinga anatulukanso pa mvula, anakaima pachipata, jekete likudontha.

Malona awiri ananyowa. Ena onse tinapulumutsa.

Mvula itadutsa tinaima pakhomo la shedi tikupuma. Mlendo wa ku Lilongwe ankapukuta magalasi ake.

"Bwana Bwanali, ndayenda m'zigayo zambiri," anatero, "koma sindinaonepo anthu akukoka lona atafulatirana. Ndipo masaka mwapachika apawa ndi a chiyani?"

Che Bwanali anavala nsapato imodzi, anaimirira bwino.

"Ndi mwambo wa kuno umenewo. Mkulu uja ndi mpongozi wa mayiyo, saonana nkhope. Wina akanathamangitsa mmodzi. Ine ndinaona msanga. Ndinati ayi, tiike chotchinga apa, mkuluyo apite pabwalo, ntchito iyende. Anthu ukawadziwa savuta, achimwene. Awiri amenewa sachoka pano, chaka chino ngakhale chamawa."

Mlendoyo anagwedeza mutu, akuyang'ana masaka aja ngati ndi chinthu chochokera kunja.

Che Bwanali anatembenukira kwa ine. Yotamu anandiyang'ana. Kuseri kwa chotchinga singano inali itayamba kale kulowa m'thumba.

"Si choncho, a Kapitawo?"

Ndinatola fosholo, ndinapita kukatembenuza mpunga wonyowa uja.